Anapita kukakhala zaka zitatu, anakhala zaka 61

Uthenga wa imfa ya Mayi Catherine Hamlin, dokotala amene ankasamalira amayi ovulala pobereka, unandipeza mochedwa, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu ambiri sunawapeze n'komwe. Iwo anamwalira pa 18 Malichi 2020 mumzinda wa Addis Ababa ku Ethiopia, patangodutsa sabata imodzi bungwe la WHO litalengeza kuti Covid-19 tsopano ndi mliri wa dziko lonse, choncho makutu a aliyense anali kwina, ndipo imfa ya gogo wa zaka 96 sinali nkhani yoti n'kuimitsa nayo munthu panjira. Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikufuna kulemba za iwo, koma ndinkazengereza chifukwa sindinawaonepo ndi maso, ndipo kukumbukira munthu amene sunapatsane naye moni kumaoneka ngati kulowerera maliro a eni. Chimene chandilimbitsa mtima n'chakuti ntchito imene iwo anaigwira moyo wawo wonse inandikhudza ine m'thupi, ngakhale kuti inandikhudzira patali.

Mwana wanga woyamba anabadwa pa opareshoni, nditavutika usiku wonse ndi tsiku lotsatira mwanayo osatsika. Pa nthawiyo ndinkadandaula za chipsera ndi ululu wa bala, osadziwa kuti mpeni umene ndinkaudandaulawo ndiwo unandilekanitsa ndi tsoka limene amayi ena zikwizikwi amagweramo. Patapita zaka, nditawerenga za amayi amene Mayi Hamlin ankawasamalira, ndinazindikira kuti kusiyana kwa ine ndi iwo kunali kwa mtunda chabe: ine ndinali pafupi ndi chipinda cha opareshoni, iwo anali kutali nacho ulendo wa masiku awiri kapena atatu wapansi.

Mayi Hamlin anabadwa pa 24 Januwale 1924 ku Sydney, m'dziko la Australia, m'banja la ana asanu ndi mmodzi limene linali lopemphera kwambiri, ndipo dzina lawo la kubanja linali Nicholson. Anamaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Sydney mu 1946, nasankha kuzama pa matenda a amayi ndi uchembere. Pachipatala cha amayi cha Crown Street, mumzinda womwewo, ndi pamene anakumana ndi Dokotala Reginald Hamlin, mbadwa ya ku New Zealand, amene anali mkulu wa pachipatalapo, ndipo anakwatirana mu 1950. Anali ndi ntchito yabwino, ulemu ndi tsogolo looneka bwino lomwe, moti palibe akanawadzudzula akanangokhala kumene analiko. Koma mu 1958 anaona chidziwitso cha ntchito m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, chonena kuti boma la Ethiopia likufuna madokotala oti akayambitse sukulu ya azamba ku Addis Ababa. Anafunsira ntchitoyo, anawatenga, ndipo mu 1959 anafika m'dzikomo ali ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Richard, wa zaka 6. Mgwirizano umene anasainira unali wa zaka zitatu.

Chipatala chimene anafikirako chinali ndi mbiri yoyenerana ndi zimene zinkawadikira. Chinkatchedwa ndi dzina la Tsehai, mwana wamkazi wa mfumu Haile Selassie, amene anaphunzira unamwino ku London ndipo anamwalira mu 1942 chifukwa cha zovuta za pobereka. Ngati uchembere unatha kupha mwana wa mfumu, kuli bwanji mtsikana wa kumapiri amene dzina lake silinalembedwe m'kaundula aliyense. Akuti atangofika, dokotala wina amene anawatsogolera pamalopo anawachenjeza kuti odwala fistula adzawaswa mtima. Banjali linali litawerengapo za nthendayi m'mabuku, koma linali lisanaionepo, popeza kumaiko kumene linaphunzira inali itatha kalekale chifukwa cha zipatala ndi maopareshoni otulutsa mwana.

Ndiyenera kufotokoza nthendayi momveka, ngakhale ili yochititsa manyazi kuitchula, chifukwa popanda kuimvetsa sitingamvetse chimene chinamanga mayiyu ku Ethiopia. Mayi akayamba kuvutika kuti abereke koma mwana n'kukanika kudutsa, mwina chifukwa mafupa a m'chiuno ndi opanikizana kaamba ka kukwatiwa ali wamng'ono kapena kukula ndi chakudya chosakwanira, mwinanso chifukwa mwanayo wagona molakwika, mutu wa mwana umakanikiza minofu ya mayi pafupa kwa masiku atatu, anayi ngakhale asanu. Pamene pakanikizidwapo magazi saafikapo, minofuyo imafa, ndipo ikayoyoka pamatsala chiboo pakati pa njira yoberekera ndi chikhodzodzo, nthawi zina ndi njira ya chimbudzi yomwe. Kawirikawiri mwanayo amabadwa atafa kale. Mayi uja akadzuka pamphasa ali ndi chisoni cha mwana, amapeza kuti mkodzo ukungodontha wokha usana ndi usiku, osatha kuuletsa. Ena mitsempha ya m'miyendo imaonongeka moti phazi limalendewera poyenda, ndipo ena amagona chopinda miyendo miyezi yambiri poganiza kuti akapanda kugwedezeka balalo lipola, mpaka mawondo kuuma osathekanso kuongoka. Kwa zaka zambiri bungwe la WHO linkayerekeza kuti amayi oposa 2 miliyoni ku Asia ndi ku Africa kumwera kwa Sahara ankakhala ndi nthendayi osalandira chithandizo, ndiponso kuti chaka chilichonse amayi ena pakati pa 50,000 ndi 100,000 ankaonjezekera.

Bala la m'thupi ndi gawo limodzi chabe la nkhaniyi. Fungo limathamangitsa mwamuna, limatseka khomo la tchalitchi ndi la mzikiti, limamuchotsa mayi pakati pa anzake, ndipo achibale amene akumufunabe amamumangira kakhumbi kumbali kuti azikhala yekha. Ambiri amasiya kumwa madzi okwanira pofuna kuchepetsa kudonthako, zimene zimangoonjezera fungo ndi kuononga impso. Ine sinditha kuganizira za amayi amenewa osakumbukira mayi uja wa pa Marko 5, amene anataya magazi zaka 12, nawononga chuma chake chonse kwa asing'anga, ndipo pomaliza anabwera kumbuyo kwa Yesu mozemba chifukwa nthenda yake inkamuyesetsa wodetsedwa. Chimene chimandigwira mtima m'nkhani imeneyo sikuchira kokha ayi, koma kuti Ambuye anaima pakati pa khamu, namufunafuna, namutcha mwana wawo wamkazi anthu onse akumva. Munthu amene wakhala zaka akuthawidwa amafunika wina woti amuyandikire asanafunike mankhwala, ndipo ndikamaona zithunzi za Mayi Hamlin atagwira dzanja la wodwala, nkhope zitayandikana, ndimaona kuti anali ataimvetsa bwino mbali imeneyi ya Uthenga Wabwino.

Komatu chifundo chokha sichisoka chikhodzodzo. Banjali linayenera kuphunzira ntchito imene aphunzitsi awo sanawaphunzitse, choncho linafufuza m'mabuku akale a zaopareshoni, linalemberana makalata ndi madokotala a m'maiko ena amene anaonapo nthendayi, ndipo linayamba ndi ziboo zing'onozing'ono lisanalimbe mtima kugwira zazikulu. Pano pali mbiri ina yowawa imene sindifuna kuilumpha. Njira yosokera fistula imene madokotala ambiri anatengerapo inakhazikitsidwa ndi J. Marion Sims ku Alabama, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1840, ndipo iye anaiyesera pa akapolo aakazi achikuda, ena mwa iwo odziwika ndi maina akuti Anarcha, Betsey ndi Lucy, mobwerezabwereza komanso popanda mankhwala oletsa ululu. Luso limene linabadwira m'nkhanza yotere linadzafika m'manja mwa anthu amene analigwiritsa ntchito mwaulere pa amayi osauka a mu Africa, powafunsa ndi powalemekeza. Sindinena kuti chachiwirichi chikufafaniza choyambacho, koma ndimaona kuti amayi atatu aja ayenera kutchulidwa paliponse pamene nkhani ya fistula ikukambidwa.

Mbiri itamveka kuti ku Addis Ababa kuli madokotala otha kuletsa kudontha, amayi anayamba kufika kuchokera kumadera onse a dzikolo. Ena ankayenda milungu, ena ankapemphetsa zaka kuti apeze ndalama ya basi, ndipo akakwera basiyo nthawi zina ankatsitsidwa panjira chifukwa cha fungo. Bambo Hamlin ankawatcha amwendamnjira, ngati anthu a paulendo wopatulika. Chipatala cha boma sichikanatha kuwasunga onse, odwala ena sankafuna kugona nawo chipinda chimodzi, ndipo iwo analibe cholipira, choncho banjali linayamba ndi kanyumba kogona pabwalo la chipatalacho, kenako linayamba kupempha thandizo kwa anthu akufuna kwabwino kunja kwa dziko. Zaka zitatu za mgwirizano zija zinatha anthu ali pamzere, ndipo palibe amene analongedza katundu. Mu 1974 anakhazikitsa chipatala chawochawo, Addis Ababa Fistula Hospital, m'mbali mwa mtsinje kunja pang'ono kwa mzindawo, chosamalira amayi a fistula okhaokha ndiponso mosalipiritsa.

Chaka chimenecho n'chomwenso asilikali anagwetsa mfumu Haile Selassie, ndipo boma lawo lotchedwa Derg, limene pambuyo pake linatsogoleredwa ndi Mengistu Haile Mariam, linalamulira mpaka 1991. Zinali zaka za kuphana m'misewu ya Addis Ababa, za nkhondo kumpoto, za kusowa kwa zinthu, ndi za njala yoopsa ya 1984 ndi 1985. Alendo ambiri anachoka, ndipo sindiwaweruza, pakuti munthu ali ndi ufulu woteteza moyo wake ndi wa ana ake. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ambiri amene amapita kukathandiza kumaiko a eni amakhaladi mame: amanyowetsa udzu m'mawa, dzuwa likakwera osaonekanso. Banja la a Hamlin silinakamuke. Ndikafuna kuloza pamene chikhulupiriro cha mayiyu chinaonekera, sindiloza tsiku limene anayankha chidziwitso cha m'magazini chija, chifukwa kunyamuka ndi mtima wotentha ambiri timatha, ndipo ulendo wa kudziko lachilendo uli ndi kukoma kwake. Ndimaloza m'mawa uliwonse wa zaka zovutazo, pamene ankadzuka, kuvala chovala cha ntchito, ndi kukasoka bala lofanana ndi la dzulo pa mtsikana wina amene dziko silidzamudziwa dzina. Iwo sankabisa kuti ankakhulupirira kuti Mulungu ndiye anawaika pamalopo, ndipo munthu amene akukhulupirira zimenezo moona sayang'ana pakhomo nthawi iliyonse zinthu zikavuta.

Za banja lawo ndilankhula mosamala, popeza za m'nyumba ya eni amadziwa ndi eni ake. Chimene chili poyera n'chakuti ukwati wawo unali wa anthu awiri osenza mtolo umodzi, ogwira ntchito m'chipinda chimodzi cha opareshoni ndi kudya patebulo limodzi kwa zaka zoposa 40. Bambo Hamlin anamwalira mu 1993, mkazi wawo ali ndi zaka 69, msinkhu umene madokotala anzawo ku Australia anali atapuma kale pantchito. Apa panali khomo lachiwiri lotulukira, lolemekezeka ndithu, pakuti mayi wamasiye wokalamba akabwerera kwawo kapena kukakhala pafupi ndi mwana wake ndi zidzukulu palibe angamunene. Anasankha kutsala, natenga utsogoleri wa chipatala, ndipo anapitiriza kuchita maopareshoni atapitirira zaka 80. Ine monga kholo sindikhulupirira kuti chisankho chotere chilibe mtengo wake. Kukhala kutali ndi mwana wako mmodzi yekhayo, zidzukulu n'kumakula uli kutsidya la nyanja, ndi nsembe imene amaipereka si mmodzi yekha, ndipo tikamatamanda atumiki a Mulungu timaiwala kawirikawiri kuthokoza ana awo amene anagawana makolo ndi anthu osawadziwa.

Koma banja la mayiyu silinathere pa magazi, ndipo umboni wake ndi Mayi Mamitu Gashe. Iwo anafika kuchipatala mu 1962 ali mtsikana wa zaka pafupifupi 16, atanyamulidwa pamachira kuchokera kumudzi, mwana atafera m'mimba ndipo thupi litaonongeka koopsa. Atalandira chithandizo sanabwerere kumudzi. Anayamba ndi kuyala mabedi ndi kutonthoza odwala anzawo, kenako ankapatsira zipangizo m'chipinda cha opareshoni, kenako Bambo Hamlin anayamba kuwalola kusoka khungu pomaliza, mpaka anafika pochita okha opareshoni yonse. Munthu amene sanapite kusukulu ali mwana anadzakhala mmodzi wa akatswiri odziwika pa kusoka fistula, wophunzitsa madokotala okhala ndi madigiri ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo mu 2018 wailesi ya BBC inawaika pa mndandanda wake wa amayi 100 a chakacho. Madokotala ambiri akanaona mtsikana wosaphunzira woyenera tsache basi. Kuona manja aluso mwa munthu wotere, ndi kulolera kumupatsa mpeni pamene malamulo a ntchito yako ndi ulemu wako zikukuletsa, kumafuna kudzichepetsa kumene sikupezeka wambawamba pakati pa anthu ophunzira. Anamwino othandizira ambiri pachipatalapo analinso odwala akale, kotero mtsikana wofika kumene ankalandiridwa ndi munthu wodziwa fungo lija kuchokera m'thupi lake lomwe.

Pali kachinthu kena kamene kamandisangalatsa kuposa ziwerengero. Opareshoni ikatheka, mayi amakhala ndi kapaipi kotulutsa mkodzo pafupifupi milungu iwiri kuti chikhodzodzo chipume ndi kupola, ndipo akauma, pomutulutsa ankamupatsa diresi latsopano ndi ndalama yoyendera, pamodzi ndi malangizo akuti akadzakhalanso ndi pakati adzapite msanga kuchipatala. Wina anganene kuti diresi si mankhwala, ndipo ndalama yake ikanagula ulusi wosokera. Koma mayi amene anachoka kumudzi atavala nsanza zonunkha sayenera kubwerera atavala zomwezo, chifukwa anthu a kumudziko ayenera kuona ndi maso kuti wabwera ndi munthu wina. Amene anaganiza za diresi anali munthu wodziwa kuti kuchira kumakathera pabwalo la kumudzi, pamaso pa apongozi ndi anansi. Amayi oposa 60,000 athandizidwa kudzera m'ntchito imeneyi, ndipo mwa amayi khumi alionse, oposa asanu ndi anayi chiboo chimatsekeka. Otsalawo, amene chikhodzodzo chinaonongekeratu, sanatayidwe. Anawakonzera malo kunja kwa Addis Ababa otchedwa Desta Mender, kutanthauza mudzi wa chimwemwe m'Chiamhariki, kumene amalandira chisamaliro cha nthawi yaitali ndi kuphunzira ntchito zodzidalira. Chipatala chimakonda kuwerenga amene achira, ndipo n'chosowa kupeza chomangira nyumba amene chalephera kuwachiritsa.

M'zaka zawo za ukalamba Mayi Hamlin anabwerera ku chimene chinawatengera ku Ethiopia poyamba. Ankadziwa kuti kusoka kuli ngati kukolopa madzi mpopi uli chitsegukire, ndipo kuti fistula idzatha pokhapokha mayi aliyense wapakati atakhala ndi mzamba wodziwa kuona msanga kuti mwana wakanika ndi kumutumiza kumene kuli opareshoni. Mu 2007 anatsegula koleji ya azamba, Hamlin College of Midwives, imene imatenga atsikana a kumidzi, kuwaphunzitsa zaka zinayi, ndi kuwabwezera kumadera a kwawo kumene amadziwa chilankhulo ndi anthu. Sukulu ya azamba imene anaitanidwira mu 1959 inadzaima molimba patapita zaka 48, mwini wake ali ndi zaka 83. Anatsegulanso zipatala zina zisanu ku Bahir Dar, Mekelle, Yirgalem, Harar ndi Metu, kuti amayi asamayendenso dziko lonse kufuna thandizo.

Za ulemu umene analandira ndidutsapo msanga. Dzina lawo linaperekedwa kawiri, mu 1999 ndi mu 2014, kuti aganiziridwe pa mphoto ya mtendere ya Nobel, ngakhale sanaipate. Analandira mphoto ya Right Livelihood mu 2009. Boma la Ethiopia linawapatsa unzika waulemu mu 2012. Ndipo ku Sydney kuli sitima ya pamadzi yonyamula anthu yotchedwa ndi dzina lawo. Dzina limene ndikuganiza kuti linkawakomera koposa ndi limene odwala ndi antchito ankawaitanira, Emaye, ndiko kuti amayi.

Ndivomere kuti nkhani za azungu opita kukapulumutsa anthu a mu Africa ndimaziwerenga ndi diso lokayika, chifukwa zambiri zimakweza mlendo ndi kusandutsa eni dziko chithunzi cha kumbuyo, ndipo mlendoyo akachoka zonse zimagwa ngati msasa wa udzu. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi wofunsa kuti ntchitoyo yatsala m'manja mwa yani. Pamene Mayi Hamlin ankamwalira, maopareshoni ankachitidwa ndi madokotala a ku Ethiopia, azamba ophunzitsidwa pakoleji ija anali m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, ndipo madokotala ochokera m'maiko ena a mu Africa ndi Asia anali ataphunzira pamalopo n'kubwerera kwawo ndi lusolo. Fistula sinathe ku Ethiopia, ndipo iwo anamwalira akudziwa kuti sadzaona kutha kwake. Tsiku la 23 Meyi, limene bungwe la United Nations linapatula kuti dziko lizikumbukira nkhondo yothetsa nthendayi, likadali ndi chifukwa chokhalirapo.

Zaka zawo zomaliza anazikhalira m'kanyumba kawo kakang'ono pabwalo la chipatala chomwecho, pakati pa mitengo ndi maluwa, pamtunda woti akatuluka pakhomo ankakumana ndi odwala akuothera dzuwa atafunda mabulangete oluka amitundumitundu. Manja atasiya kugwira mpeni ankayendabe m'zipinda za odwala ndi ndodo, kupereka moni ndi kugwira manja. Amene ankawasamalira pa ukalamba wawo, kuwagwiriziza poyenda ndi kukhala nawo pafupi, anali Mayi Mamitu, mtsikana uja anafika pamachira mu 1962, tsopano nawonso ali gogo wa imvi. Anaikidwa m'manda ku Addis Ababa komweko, pafupi ndi amuna awo.